Edda ya Abiti Saidi

Al Doha Al Jadeeda, Doha
14 Okutobala 2016

Wokondedwa Felister, amake Aleke,

Moni nonse ku Ulongweko, inu, Aleke ndi mlendo wathu ali m'njirayo. Ine kuno thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Ndalemba papepala n'kujambula ndi foni monga mwa masiku onse, chifukwa m'chipinda muno timagona anthu ambiri, ndipo ndikati ndiyambe nkhaniyi pakamwa ndilira pamaso pa anyamata a ku Nepal.

Uthenga wa Amidu munaumva, koma munaumva modukaduka. Werengani bwino kuti mukawafotokozere akazi ake, Abiti Saidi, zenizeni, osati zimene anthu akuwonjezera kumsika. Kampani yathu inatumiza alonda kudziko lina kukalondera hotela imene abwana ali nayo gawo. Amidu anamuika pageti. Lachinayi sabata yatha, m'mawa anthu akumwa tiyi, kunatulukira galimoto ya zigawenga ikuthamanga ngati yaduka mabuleki. Amene apulumuka akuti Amidu ataiona sanathawe. Anakankha geti lachitsulo lija n'kulitseka, bomba n'kuphulikira kunja. Wamwalira pamodzi ndi anzake asanu a kampani yathu, koma anthu onse amene anali m'kati mwa hotela ali moyo. Anamuika komweko mawa lake, mwa Chisilamu, ndipo mapemphero anachitika moyenera. Chithunzi cha manda ndachiona.

Felister, ine ndakwiya, sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani. Munthu amene ankazungulira kumunda kuopa galu wa aphunzitsi, lero n'kukaima kutsogolo kwa galimoto ya bomba! Ndi Amidu yemweyu amene anandipezera ntchito ino yoyendetsa galimoto, anandiphunzitsa misewu ya mu Doha, anandibwereka jekete chaka choyamba chija pamene ndinkati kuchipululu sikuzizira. Bedi lake lili pamwamba pa langa. Sutukesi yake ndaikankhira pansi pa bedi langa, ndipo ndawauza onse kuti woikhudza aona chimene ndimakanira mowa.

Ndatumiza kangachepe. Mugule matumba awiri a chimanga, limodzi lanu, lina lipite kwa Abiti Saidi, ndipo musalipititse masana anthu akuona ngati ndife a bungwe. Ndamva kuti thumba lafika pa K11,000. Asa, chaka chino tichiona! Inu ndinu mzimayi mnzawo, m'nyumba mutha kulowa, ndiye muzipitako. Ana atatu aja asamagone ndi njala ife tili pafupi.

Akuti chipukutamisozi chilipo, tiuzidwa. Amene akugwira nkhaniyi ku ofesi ndi mayi wina wa ku Malawi konko, wa ku Karonga, dzina lawo Tusajigwe Mwalwanda, owerengera ndalama za kampani. Musadalire kwambiri. Anyamata tinawapatsa dzina loti Mayi Mafi, chifukwa ukakapempha adivansi amangoti "mafi", ndiye kuti palibe m'Chiarabu, osakuyang'ana n'komwe. Ndi omwe aja anandidula malipiro chifukwa cha kamera ya pamsewu.

Mundipempherere, inenso ndikutero.

Mwamuna wanu,
Lyton

4 Novembala 2016

Amake Aleke,

Landirani moni wa Lachisanu, tsiku lathu lopuma. Ndakondwa kumva kuti kusikelo anati zonse zili bwino, koma miyendo yotupayo musaichitire masewera. Ine ndilipo, kungoti maso akumandiwawa masana ndikamayendetsa. Mwina ndi fumbi.

Lero ndili ndi nkhani yabwino. Lolemba Mayi Mafi anandiitanitsa. Ndinapita ndikuwerenga machimo anga panjira, kuti kapena kamera ina yandijambulanso. Nditalowa anatseka chitseko n'kunena kuti, "A Lyton, khalani pansi. Pepani ndi maliro a mnzanu." M'Chichewa, Felister! Zaka zonsezi ine ndimayesa kuti Chichewa anachisiya pabwalo la ndege ku Lilongwe. Ndinangoti zikomo ngati mwana wasukulu.

Akuti a inshulansi avomera kupereka chipukutamisozi ku mabanja onse asanu ndi limodzi. Kuchuluka kwake sindilemba pano, poti foni imabwerekedwa, koma ndi ndalama yoti ana aja aphunzire mpaka kumaliza, nyumba n'kufolera malata. Lamulo lake ndi ili. Mkazi wa malemu apite mwini wake ku ofesi ya loya ku Lilongwe, akadinde chala pamakina. Kutuma munthu sakulola. Tsiku lomaliza ndi 5 Januwale. Likangodutsa, fayilo itsekedwa, ndalama ibwerera kwa eni ake, nkhani yatha.

Ndiye mukawauze Abiti Saidi akonzeke. Atenge chiphaso chovotera, kalata ya ukwati ya kwa a Shehe ndi makadi a sikelo a ana. Thiransipoti ndilipira ndine. Apite mwezi uno mvula isanalimbe, za m'maofesi sizifuna zoti mawa mawa.

China ndi ichi. A Yusufu, akulu ake a Amidu, ayamba kundiimbira. Sanafunse n'komwe kuti mng'ono wawo anamuika bwanji, akufunsa kuti ndalama zituluka liti. Mukakumana nawo, moni basi, n'kumapita. Ndinawatsina khutu a Tusajigwe, iwo anangogwedeza mutu n'kuti, "Ndamva."

Kuponi ya fetereza ngati dzina lathu silinatuluke, musakagwadire munthu. Malipiro a mwezi watha sanalowebe, akuti sabata ya mawa inshallah. Liwu limeneli kuno limatha kukhala sabata, limatha kukhala mwezi. Mbuzi musagulitse kaye, makamaka yamawangayo, ili ndi bere.

Aleke mumuuze kuti samu zake ndaziona. Wakhoza, koma zolemba zake zikufanana ndi za bambo ake, ndipo si chinthu chonyadira.

Ndine wanu,
Lyton

25 Novembala 2016

Felister,

Moni. Ndikhulupirira mwadzala ndi mvula yagwayi. Ine ndili bwino, malipiro analowa theka.

Kalata yanu nditaiwerenga ndinaponya foni pabedi. Edda! Ine ndakulira pakati pa Asilamu, ndimadziwa kuti mkazi wamasiye amabindikira, koma m'mutu mwangamu ndimayesa ndi masiku makumi anayi aja a sadaka. Inu mukuti ndi miyezi inayi ndi masiku khumi, osachoka pakhomo, osakwera galimoto, osagona kwina. Ndafunsa mnzanga wa ku Sudan, wavomereza kuti ndi choncho. Ndiye kuti Abiti Saidi adzatuluka chapakati pa Febuluwale, pamene fayilo ikutsekedwa pa 5 Januwale. Mukuona mmene zakhaliramu?

Kodi mayiwa akumvetsa chimene akutaya? Ana adzadya edda? Pitaninso mukawauze kuti ndi tsiku limodzi lokha, kunyamuka m'mamawa, kubwerako dzuwa lisanalowe. Afunde nsalu mpaka kumaso, awaone ndani? Ngati akuopa pakamwa pa anthu, kaonaneni ndi a Shehe. Mnzanga yemweyo akuti pakakhala vuto lalikulu chipembedzo chimalola kutuluka. Musandiyankhe zoti mwalephera, inu ndinu munthu woti munanyengerera amayi anga kukwera njinga yamoto.

Ndinapita kwa a Tusajigwe ndili moto. Ndimati ndiwafotokozere kuti edda n'chiyani, poti iwo ndi a mpingo ngati ife. Sanandilole kumaliza. Anangoti, "Miyezi inayi ndi masiku khumi. Ndikuidziwa." Anaidziwira kuti, kaya. Pomwepo anaimbira loya wa ku Lilongwe ine ndili pompo, kumupempha kuti anyamule makinawo apite nawo ku Ulongwe. Loya anaseka, ati makina ndi olumikizidwa ku ofesi, sayenda m'midzi. Kenako analembera a inshulansi kuti awonjezere nthawi. Yankho labwera dzana: mafi. Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti mayi, liwu lanu lija lakubwererani, koma nditaona nkhope yawo ndinameza.

A Yusufu nawo sanagone. Anakafika okha kwa loya, ati iwo ndiye mkulu wa banja, asaina m'malo mwa mlamu wawo ndi kalata ya abale. Mudiri wathu, ndiye kuti bwana wa pa ofesi, anaikonda nzeru imeneyo, chifukwa iye akungofuna fayilo ichoke patebulo chaka chisanathe. A Tusajigwe anamukanira pamaso pa anthu. Anati, "Amidu analemba dzina la mkazi wake ndi dzanja lake. Ine sindisintha zimene munthu wakufa analemba." Mudiri anafiira makutu. Ine ndinali pakhomo ndi makiyi m'manja, ndikunamizira kuyang'ana kalendala.

Mayi amenewa ndayamba kuwaona ndi maso ena. Komabe mawu abwino sadinda chala, ndiye pitani kwa a Shehe.

Lyton

16 Disembala 2016

Amake Aleke wanga,

Moni kwa inu ndi Aleke, ndi uyo akukumenyani m'mimbayo. Mumuuze adikire, mpira adzasewera akatuluka. Kuno kwayamba kuzizira. Ndikuvala jekete la Amidu, linali pamsomali, sindinathe kulisiya.

Munagwira ntchito imene ndinakutumani, zikomo. A Shehe anapita, anaima pakhonde, anawauza Abiti Saidi kuti chifukwa cha ana atha kupita ku Lilongwe, palibe tchimo. Ndiye mwandilembera zimene mayiwa anayankha ali kuseri kwa chitseko. Ndazikopera papepala langa kuti foni ikadzatayika ndisadzazitaye:

"Ndamva a Shehe, ndipo sindikutsutsa. Koma mwamuna wanga sindinamuone nkhope. Sindinamve anthu akunyamula maliro ake pa jeneza kuchoka pakhomo pano. Manda ake sindidzawaona. Chimene chatsala choti ndimuchitire ndi chino chokha. Iye sanachoke pageti pake, ine ndichokerenji pakhomo pake? Ndalama ikapita ipite, manja ndili nawo."

Felister, ine wolongolola uja ndinakadzitsekera m'galimoto ya abwana n'kulira ngati mwana. Mawu anga aja oti ana adzadya edda, ngati simunawafikitse, athere m'foni momwemo. Ngati munawafikitsa, mukandipepesere. Musawakakamizenso. Mayi amenewa ndi olimba kuposa tonse amene tikuwaphunzitsa nzeru.

Ndinakawawerengera a Tusajigwe. Anavula magalasi, anakhala nthawi akuwapukuta ngakhale anali oyera kale. Kenako anandiuza zimene sindinkadziwa. Nthawi ya nkhomaliro iwo sakumadya, akumaimbira mabanja ena aja ndi foni yawo. Pa mabanja onse, limodzi lokha la ku Kenya ndi limene lakadinda. Mkazi wina wa ku Nepal amakhala kuphiri koti kukafika pamsewu ndi ulendo wa masiku. Mayi wina wa ku Uganda alibe chiphaso chilichonse, akudikira boma. Anati, "Amene anaika miyezi itatuyi sanafedwepo kumudzi."

Tsono vuto lili apa. Fayilo singatsekedwe popanda siginecha ya wowerengera ndalama, ndipo wowerengera ndalamayo ndi iwowo. Mudiri wawauza kuti pa 5 asaine. Iwo akuti sasaina. Kontilakiti yawo ikutha kumapeto kwa Januwale, ndipo woiwonjezera ndi mudiri yemweyo. Ali ndi ana awiri kusekondale, amuna awo anamwalira kale, mayi awo amadwala shuga ku Karonga. Ine ndinati, "Mayi, ganiziraninso ana anu." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "A Lyton, inu yendetsani galimoto, masamu ndisiyireni." Ndinatuluka ndikuseka.

Za Khirisimasi, ndatumiza pang'ono, musayembekezere zambiri. Mugule mpunga ndi diresi la Aleke, la pakaunjika lilinso bwino likachapidwa. Mukaphika, mbale ina ipite kwa ana a Amidu. Maso aja ndinakaonetsa, anandipatsa mankhwala odonthezera. Zina ndidzakuuzani ndikadzabwera.

Wanu nthawi zonse,
Lyton

6 Januwale 2017

Felister! Felister!

Moni wa chaka chatsopano, koma moniwo udikire, khalani pansi kaye. Fayilo sinatsekedwe!

Ndiyambe bwino. Mwini kampani, Bwana Wamkulu amene ndimawayendetsa, nkhaniyi sankaidziwa, chifukwa makalata onse a a Tusajigwe ankathera patebulo la mudiri. Kuwaona Bwana Wamkulu n'kovuta, umadutsa zitseko zambiri, ndipo chilichonse chili ndi munthu wake. Koma galimoto ili ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi mwamuna wanu. Lachiwiri ndinawanong'oneza a Tusajigwe kuti abwana atuluka akapemphera Swala ya masana, kupita kwawo ku Al Duhail. Titafika poimika magalimoto tinawapeza ataima pafupi ndi chitseko, fayilo ili pachifuwa. Abwana anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana matayala. Kenako anati, "Yalla, lowani, tilankhula m'njira."

Ankalankhula Chingerezi, ndipo mukudziwa kuti changa n'chothyokathyoka, koma tsiku limenelo ndinamva liwu lililonse. A Tusajigwe anafotokoza mwachidule, n'kumaliza ndi kuti iwo sasaina. Abwana anati malamulowo ndi a inshulansi, si awo, ndipo miyezi itatu ndi nthawi yokwanira munthu wofunadi ndalama.

A Tusajigwe sanakweze mawu. Anati, "Bwana, chaka chatha bambo anu atamwalira, panali mapepala a kubanki ofuna siginecha ya mayi anu. Munandituma ine kuti ndiwapititse kunyumba, chifukwa munati mayi anu sangatuluke kufikira edda itatha, ndipo mwamuna wachilendo sangalowe. Banki inadikira. Mkazi wa Amidu ali pa edda yomweyo. Kusiyana kwake n'koti iye palibe amene akumudikira."

Tinadutsa maloboti, tinadutsa ena. Ine ndinati basi, mawa tonse awiri tili pandege. Kenako abwana anafunsa motsitsa mawu, "Ku Malawi akazi amasunga edda?" A Tusajigwe anati, "A Lyton ndi aneba awo, afunseni." Mayo ine! Ndinayankha mmene ndikanathera. Ndinawauza mawu aja a Abiti Saidi, a geti ndi khomo. Chingerezi chinandithera panjira, koma anamva.

Anati ndiimike pambali. Anatulutsa foni, n'kuimbira a inshulansi, n'kuyamba kukalipa m'Chiarabu, dzanja likumenya mpando. Ndinangotolapo zoti akapanda kumva, kampani yonse ichoka kwa iwo ipite kwina. Atadula anati, "Khalas, zatha. Mayi ameneyu amuwonjezera nthawi." Ine mumtima ndinayamba kale kuimba. Koma a Tusajigwe, m'malo mothokoza, anati, "Bwana, amene anafa pageti paja ndi asanu ndi mmodzi."

Felister, ndinafuna kubisala pansi pa chiwongolero. Munthu wakupatsa, iwe n'kutambasulanso dzanja! Abwana anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka pang'ono n'kuimbanso. Dzulo kalata yafika: mabanja onse awawonjezera miyezi isanu ndi umodzi.

Pitani mukawauze Abiti Saidi kuti akhale mwamtendere, amalize edda yawo, palibe amene awathamangitse. Mukawauzenso dzina la amene wachita zimenezi, mulitchule bwinobwino: Tusajigwe. Dzina loti Mayi Mafi ndaliletsa m'chipinda muno, ndipo amene analiyambitsa mukumudziwa.

Kuyambira Lamlungu ndiziyendetsa basi ya antchito, osati galimoto ya abwana. Mudiri ndi amene wasintha. Ovataimu ichepa. Musafunse zambiri, ndipo musadandaule, basi nayonso ili ndi matayala.

Mwamuna wanu wosangalala,
Lyton

3 Febuluwale 2017

Amake Aleke,

Moni. Ndamva za mbozi zimene zagwa m'chimanga. Anzanu akuti akuthira dothi ndi phulusa kunsonga, yesani, koma inuyo musawerame, mwezi wanu wayandikira. Lembani waganyu, ndalama ndipeza. Ine ndili bwino, basi ndaizolowera, anyamata amagona m'njira monse ndiye palibe wondilamula.

Zimene tinkaopa zachitika. Kontilakiti ya a Tusajigwe sanaiwonjezere. Kalata yake ndi yaulemu kwambiri, ati akuchepetsa antchito, ati akuthokoza. Anyamata tinati tipite kwa Bwana Wamkulu tikadandaule, koma abwanawo ali kunja, ndipo a Tusajigwe atamva anatikalipira. Anati, "Mukufuna nonse mubwerere kumudzi chifukwa cha ine? Ana anu ndiwadyetsa ndine?" Ndinawafunsa ngati akudandaula. Anati, "Ndikudandaula kwambiri, fizi sindikudziwa kuti ichokera kuti. Koma kusaina sindikanasaina." Ine ndimayembekezera kuti anena zoti Mulungu adziwa, ngati mmene timanenera tonse. Iwo ayi, amanena chinthu mmene chilili.

Dzulo ndinapita kwawo ku Al Hilal kukawathandiza kumanga katundu. Ndege imalola zikwama ziwiri. Anandifunsa kuti sutukesi ya Amidu ili kuti. Ndinati ili pansi pa bedi, ndidzabwera nayo ndikadzapeza tchuthi. Anati, "Tchuthi chanu chili kutali, kaitengeni." Ndiye anamasula chikwama chawo chimodzi n'kugawa zonse, mapoto, makatani, makina osokera amene ankati akayambira bizinesi. Makinawo ndinawaletsa, anandiuza kuti ndisalowerere. Ndiye dziwani kuti sutukesi imene ikubwerayo yakwera pamalo pa makina a munthu.

Tsono mverani. Akatsika ndege Lachitatu sapita ku Karonga, abwera ku Ulongwe. Akuti inu simungakwere minibasi ndi pakati potere, ndipo Abiti Saidi sanafikepo ku Lilongwe, ndiye owaperekeza kwa loya akhala iwowo. Akuti akufuna aone ndi maso awo chala chikudinda. Afikira kwathu. Musachite manyazi ndi nyumba, ndawauza kale kuti denga limadontha mbali ya kumadzulo.

Muwayalire m'chipinda cha Aleke, neti yatsopano ija muitulutse. Tambala wofiira uja aphedwe, koma achinje ndi Msilamu kuti ana a Amidu adye nawo. Mpunga mugule wabwino, anthu a ku Karonga mpunga amaudziwa, musawaphikire woswekasweka uja mumandinamiza nawo ine. Sakonda kuthokozedwa, ukayamba amayang'ana wotchi. Muwathokozebe.

Za dzina mwafunsazo, ndinanena kale. Mwanayo ndi wamwamuna, ndikumva m'magazi, ndipo dzina lake ndi Amidu. Abusa akadabwa adabwe.

Ine wanu,
Lyton

17 Malichi 2017

Felister wanga, amake ana awiri,

Ambuye alemekezeke! Mwagwira ntchito, mayi. Ndakondwa kuti mwatuluka kuchipatala muli bwino nonse. Chithunzi ndachionetsa basi yonse, mpaka a ku Nepal anaimba nyimbo yakwawo. Mphuno ndi yanga, musatsutse. Magazi anga aja ananama, ndavomera, musekeretu lero kuti zithe.

Kalata yanu yaitali ija ndimaiwerenga ndikamadikira antchito pachipata. Ndimakonda pamene mukuti a Tusajigwe anafika edda isanathe, inu n'kunena kuti mukawauze Abiti Saidi kuti mlendo wafika, iwo n'kukuletsani, ati, "Musawasokoneze, ine kudikira ndinazolowera." Ndiye munthu wa ma digiri n'kumanga chitenje, kumatunga madzi kumjigo a nyumba ziwiri, amayi a m'mudzi n'kumafunsana kuti wantchito wa kwa Lyton ameneyu wachokera kuti. Wantchito wa kwa Lyton! Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Koma pamene mukufotokoza za m'mawa umene Abiti Saidi anatuluka, pamenepo sindiseka. Sindinkadziwa kuti m'sutukesi muja munali diresi lobiriwira. Ndakumbuka tsopano, Amidu analigula mwezi woti anyamuke, anandizunguza nalo msika wonse akufunsa ngati mtunduwo ungawakhale. Ndiye mukuti anasamba, analivala, anatsegula chitseko, n'kupeza a Tusajigwe atakhala pakhonde. Mukuti anangogwirana manja nthawi yaitali, kenako Abiti Saidi anati, "Ndinu amene munandidikirira?" Iwo n'kuyankha kuti, "Tiyeni, minibasi ingatisiye." Ndi iwowo ndithu, sindikukayika.

Chala chinadinda, ndalama inalowa m'buku la Abiti Saidi mwini wake. Zoti a Yusufu ananyamula chikwama mpaka pasiteji, ndazimva, koma ndikhulupirira ndikaona chithunzi. Kuno wowerengera ndalama watsopano wandiuza kuti mkazi wa kuphiri ku Nepal uja naye wakadinda, watsala mayi wa ku Uganda, ndipo nthawi ikadalipo. Ndinawatumizira uthenga a Tusajigwe ku Karonga. Anayankha kuti, "Zili bwino. Maso anu mukupitabe nawo kuchipatala?" Ntchito sanaipezebe. Akuti akuthandiza masamu a sitolo ina ya pa boma, mwana wawo mmodzi wayamba wakhala kaye pakhomo teremu ino. Mwezi uno ndikatumiza, mupatule pang'ono, tiyambe kusonkha za makina osokera. Abiti Saidi mwati anena kale kuti aikapo, musawaletse. Tikawatumizire osalemba dzina, chifukwa akadziwa abweza.

Tsopano za mwana. Mwati agogo ake akufuna dzina sabata isanathe, ndipo langa lija silingagwire pa mtsikana. Sindinavutike kuganiza. Dzina lake ndi Tusajigwe. Ndikudziwa, amayi anena kuti lilime lawo silingakhote choncho, ndipo kusukulu adzamufunsa ngati ndi wa kumpoto. Aphunzira, inenso linanditengera zaka, ndipo ndinayamba ndi dzina lolakwika. Eni dzina musawapemphe chilolezo, akana. Mungowauza zitachitika.

Akadzakula n'kufunsa kuti dzina lachilendoli analitenga kuti, musadzamuyankhe inu, ndipo ine ndingadzawonjezere zokometsera. Mudzamutume kwa Abiti Saidi akamuuze.

Mupsompsoneni pachipumi m'malo mwanga.

Bambo a Aleke ndi Tusajigwe,
Lyton